Chikhristu chikusamukira kuno ku Africa: kodi boma ndi mipingo akonzeka?

JENDA, Mzimba – Kafukufuku yemwe bungwe la Pew Research Center la ku America linatulutsa mwezi wa Juni chaka cha 2025 anasonyeza kuti maiko a mu Africa a kummwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo tsopano ali ndi Akhristu ambiri kuposa chigawo china chilichonse cha dziko lapansi, kuphatikizapo Ulaya kumene kunachokera amishoni omwe anabweretsa Uthenga Wabwino m'dziko muno.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali, ya akatswiri a ziwerengero okhaokha. Koma kwa aliyense wogwira ntchito m'boma la Mzimba, kaya ku ofesi ya zaumoyo, ya zamaphunziro kapena ya chitukuko cha m'madera, ndi nkhani ya pakhomo. Makilomita pafupifupi 30 kuchokera pano pa Jenda pali mishoni ya Embangweni, yomwe chipatala chake, sukulu zake ndi koleji yake ya aphunzitsi zakhala zikutumikira anthu a kummwera kwa bomali kwa zaka zambiri. Cha kummawa kwa msewu wa M1 kuli mishoni ya Katete ya mpingo wa Katolika. Malo awiriwa anamangidwa ndi thandizo la mipingo ya kunja, ndipo ina mwa mipingo imeneyo lero ikuchepa mphamvu kwawo.

Funso lomwe nkhani ino ikufuna kuunika nlakuti: ngati Chikhristu chikukula kuno pomwe kumene chinachokera chikuzirala, kodi ntchito zomwe mipingo yakhala ikugwirira Amalawi zidzayendetsedwa ndi ndani, ndipo ndi chuma chochokera kuti?

Momwe ziwerengero zilili pa dziko lapansi

Malinga ndi kafukufuku wa Pew uja, m'chaka cha 2020 pa dziko lonse panali Akhristu mabiliyoni 2.3, omwe ndi anthu pafupifupi 29 pa 100 aliwonse. Asilamu analipo mabiliyoni 2, ndipo anthu omwe sali m'chipembedzo chilichonse analipo mabiliyoni 1.9. Pakati pa 2010 ndi 2020 chiwerengero cha Akhristu chinakwera, koma osati mofulumira ngati chiwerengero cha anthu onse, kotero kuti gawo lawo linatsika pang'ono. Chipembedzo chomwe chinakula mofulumira kuposa zonse pa zaka khumi zimenezo ndi Chisilamu.

Chomwe chasintha kwambiri ndi komwe Akhristuwo akukhala. M'chaka cha 1910, pomwe amishoni a mipingo yosiyanasiyana anachita msonkhano wawo waukulu mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, Akhristu awiri mwa atatu aliwonse anali ku Ulaya. Pofika 2020, ku Ulaya kunatsala Akhristu 22 pa 100 aliwonse a pa dziko lapansi, pomwe kuno kummwera kwa Sahara kunali pafupifupi 31 pa 100 aliwonse. Bungwe lomweli linanenapo kale mu 2015 kuti pofika 2050, Akhristu pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse adzakhala a chigawo chino cha Africa, ndipo kuti chiwerengero cha Asilamu pa dziko lonse chidzatsala pang'ono kufanana ndi cha Akhristu.

Zifukwa zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi kubereka: maiko a mu Africa ali ndi achinyamata ambiri ndipo mabanja ake amakhala ndi ana ochuluka, omwe amakulira m'chipembedzo cha makolo awo. Chachiwiri ndi kusiya chipembedzo: ku Ulaya, ku America ndi ku Australia anthu ambiri obadwira m'mabanja achikhristu akakula amanena kuti alibe chipembedzo.

Kuno ku Malawi, kalembera wa anthu wa 2018 anapeza anthu oposa mamiliyoni 17.5, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, 77 ananena kuti ndi Akhristu, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo awiri okha ndiwo ananena kuti alibe chipembedzo. Akatolika anali 17 pa 100 aliwonse, a CCAP 14. Kalembera yemweyo anasonyeza kuti theka la Amalawi anali ana osakwana zaka 18.

Momwe Uthenga unafikira kwa M'mbelwa

Angoni anawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka za kuyendayenda, gulu la mwana wake M'mbelwa linakhazikika m'dera lomwe lero ndi boma la Mzimba. Amishoni a Livingstonia, otumidwa ndi mpingo wa Free Church of Scotland, anafika ku Cape Maclear mu 1875 nasamukira ku Bandawe mu 1881. Kumeneko anazindikira msanga kuti ntchito yawo pakati pa Atonga singakhazikike popanda kumvana ndi Angoni a kumtunda, omwe pa nthawiyo nkhondo zawo zinkaopedwa m'chigawo chonse.

Munthu yemwe anatsegula khomo sanali mzungu. Anali William Koyi, mlaliki wachikuda wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, yemwe chilankhulo chake chinali chofanana ndi Chingoni. Iyeyu anakhazikika pa Njuyu mu 1882, napirira kukayikiridwa ndi kuopsezedwa kwa zaka zingapo. Dotolo Walter Elmslie anamupeza pomwepo. Mafumu anakana sukulu mpaka chaka cha 1886, pomwe kunagwa chilala, asing'anga a mvula nalephera, ndipo mvula inagwa amishoni atachita mapemphero. Chilolezo cha sukulu chinaperekedwa chaka chomwecho, ndipo Koyi anamwalira atangomva kuti chomwe ankachiyembekezera chatheka. Mu 1890 anthu oyamba a m'dziko la Angoni, Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, anabatizidwa.

M'busa Donald Fraser, yemwe anafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, anagwira ntchito ku Ekwendeni ndi ku Hora. Anthu atasamukira kummwera kufunafuna nthaka yachonde, iye anawatsatira nakhazikitsa mishoni ya Loudon, yomwe ndi Embangweni, mu 1902. Mkazi wake Agnes anali dotolo, ndipo ntchito yake yochiza odwala ndiyo inali chiyambi cha chipatala cha pamalopo.

Phindu loyamba la ubale umenewu pa kayendetsedwe ka dziko linaoneka mu 1904. Angoni a Mpezeni, m'dera la Chipata, anagonjetsedwa ndi mfuti mu 1898, ng'ombe zawo nkulandidwa. Koma Angoni a M'mbelwa analowa mu ulamuliro wa Britain kudzera m'zokambirana zomwe Sir Alfred Sharpe anachita ndi mafumu ku Ekwendeni, popanda kukhetsa magazi, amishoni ndi aphunzitsi awo ali pakati. Anthu angasiyane maganizo pa ubwino ndi kuipa kwa ulamuliro wa atsamunda womwe unatsatira, koma nzosakayikitsa kuti mpingo unali utayamba kale kukhala mkhalapakati pa nkhani za boma.

Chikhristu cholankhula chinenero cha anthu

Chimodzi mwa zifukwa zomwe Chikhristu chinazikira mizu ku Mzimba nchakuti sichinakhalitse ngati katundu wa alendo. Fraser anayambitsa misonkhano ikuluikulu ya mgonero, monga wa ku Ekwendeni mu 1898, komwe anthu zikwizikwi ankasonkhana kwa masiku angapo monga momwe ankachitira pa miyambo ya makolo awo. Analimbikitsanso Akhristu kupeka nyimbo zawozawo, ndipo ankachititsa mipikisano ya opeka nyimbo. Anthu monga Mawelera Tembo, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula anatenga mayimbidwe a ingoma ndi a nyimbo zina za kwawo nkuikamo mawu otamanda Mulungu. Zambiri mwa nyimbozo zili m'buku la Sumu za Ukristu ndipo zikuimbidwabe mpaka lero.

Mu 1914 mishoni ya Livingstonia inadzoza abusa ake oyamba achikuda atatu: Jonathan Chirwa, Yesaya Zerenji Mwasi ndi Hezekiah Tweya. Chirwa anatumikira ku Loudon. Fraser atamwalira ku Scotland mu 1933, phulusa la thupi lake linabweretsedwa kudzaikidwa ku Embangweni, pakati pa anthu omwe anawatumikira.

Sikuti zonse zinali myaa. Ophunzira ambiri achikuda anakhumudwa ndi kuchedwa kwa amishoni kuwapatsa udindo. Charles Domingo anachoka nakayambitsa mipingo ndi sukulu za Seventh Day Baptist m'boma lomwe lino, ndipo makalata ake anadzudzula poyera mgwirizano wa amishoni, boma ndi makampani. Charles Chinula anayambitsa mpingo wakewake m'zaka za m'ma 1930, womwe unadzaphatikizana ndi wa Mwasi ndi wa Yafet Mkandawire. Izi zikutikumbutsa kuti kuphukira kwa mipingo yatsopano, komwe ena amakuona ngati kwachilendo masiku ano, kunayamba kale ndipo gwero lake kawirikawiri ndi funso lakuti mwini mpingo ndani.

Mipingo ina inafikanso. A Seventh-day Adventist anakhazikitsa mishoni ya Lunjika. Ansembe a White Fathers anatsegula Katete mu 1938, ndipo kuchokera pa chiyambi chimenecho panadzabadwa dayosizi ya Mzuzu mu 1961, yomwe nayo inadzagawidwa mu 2010 pomwe dayosizi ya Karonga inakhazikitsidwa.

Sukulu ndi zipatala

Mbali yomwe boma limakumana ndi mipingo tsiku ndi tsiku ndi ya maphunziro ndi zaumoyo. Kwa zaka pafupifupi 50 kuchokera pomwe amishoni anafika, boma la atsamunda linalibe nthambi yoona za maphunziro. Inakhazikitsidwa mu 1926. Pa nthawi yonseyo sukulu zinali m'manja mwa mipingo. Sukulu za m'midzi za Livingstonia, pamodzi ndi sukulu yaikulu ya Overtoun yomwe Dotolo Robert Laws anayambitsa ku Khondowe mu 1894, zinatulutsa aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri omwe anakagwira ntchito mpaka ku Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa. Mpaka lero akalembera amasonyeza kuti chigawo cha kumpoto ndicho chili patsogolo pa chiwerengero cha anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga.

Mwa ophunzira amenewa munatuluka atsogoleri a mabungwe oyamba omenyera ufulu wa anthu akuda. Bungwe la Mombera Native Association linakhazikitsidwa mu 1920 ndipo linamenyera ulemu wa ufumu wa M'mbelwa. Levi Mumba, mwana wa m'boma lino yemwe anaphunzira ku Livingstonia, anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Pa Embangweni lero pali chipatala, sukulu ya sekondale ya Robert Laws, sukulu ya ana osamva, komanso koleji ya aphunzitsi ya Loudon, zonse za Sinodi ya Livingstonia. Pa Katete pali chipatala ndi sukulu za Akatolika. M'dziko lonse, zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa bungwe la Christian Health Association of Malawi, lodziwika kuti CHAM, lomwe linayamba mu 1966, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo, ndipo zambiri mwa izo zili kumidzi komwe chipatala cha boma chili kutali.

Momwe mgwirizanowu umayendera ndi motere. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito m'zipatala za CHAM. Zipatalazo zimalipiritsa odwala ndalama pang'ono kuti zigule mankhwala ndi kusamalira nyumba. Pofuna kuti osauka asatsalire, maofesi a zaumoyo a m'maboma amasainirana mapangano ndi zipatala zina kuti amayi oyembekezera ndi ana ang'onoang'ono azithandizidwa kwaulere, boma nkumabweza ndalamazo pambuyo. Boma likachedwa kubweza, chipatala chimagwa m'ngongole ya mankhwala, ndipo yemwe amavutika ndi mayi wa kumudzi yemwe sadziwa nkomwe kuti pali pangano lotere.

Ku maphunziro nakonso nchimodzimodzi. Sukulu zambiri za pulaimale eni ake ndi mipingo, koma aphunzitsi ndi a boma, ndipo ndondomeko ya maphunziro ndi ya unduna. Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, malire a udindo wa mwini sukulu ndi wa boma akhala akubweretsa mafunso: ndani akonze denga likasasuka, ndani asankhe mphunzitsi wamkulu, ndipo mwana wa chipembedzo china ali ndi ufulu wotani pa sukulu ya mpingo yomwe ikuyendera msonkho wa anthu onse.

Mpingo ndi ufulu wa anthu

Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, yomwe inadzudzula kumanga anthu popanda mlandu, kusiyana kwa olemera ndi osauka, komanso kusowa kwa ufulu wolankhula. Mmodzi mwa omwe anasaina, Monsinyolo John Roche yemwe ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno mwezi wotsatira. M'busa Aaron Longwe wa Sinodi ya Livingstonia anamangidwa chaka chomwecho chifukwa cha maulaliki ake. Mipingo, Asilamu ndi mabungwe ena anakhazikitsa Public Affairs Committee, yomwe inakambirana ndi boma mpaka referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994.

Mbiri yomweyi ili ndi mbali yowawa. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri za iwo anathawira ku Zambia, kenako ku Mozambique, atamenyedwa ndi kulandidwa katundu chifukwa chokana kugula makhadi a chipani. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Mipingo ikuluikulu inakhala chete pa nthawi yonseyo. Ndime 33 ya Malamulo aakulu a dziko lino, yomwe imapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, inalembedwa anthu akukumbukira zimenezi.

Ufulu umenewu ukupitirira kuyesedwa. M'chaka cha 2000 kunabuka mkangano pomwe boma linafuna kulowetsa phunziro la zipembedzo zonse m'malo mwa phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri analoledwa. Mu 2021 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu anasainirana mgwirizano pa nkhani ya atsikana achisilamu ovala mpango kumutu m'sukulu za mipingo. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Nkhani ziwiri zomalizazi zinayambira pa desiki ya mphunzitsi wamkulu kapena ya mkulu wa zamaphunziro m'boma, osati ku likulu.

Kumene kunachokera amishoni kwatsala ochepa

Mpingo womwe unatumiza Laws, Elmslie ndi Fraser unadzaphatikizana ndi ina, ndipo kuyambira 1929 ndi gawo la Church of Scotland. M'zaka za m'ma 1950 mpingo umenewu unali ndi mamembala oposa miliyoni imodzi ndi 300,000. Masiku ano sakwana 300,000, ndipo wakhala ukuphatikiza mipingo ndi kugulitsa matchalitchi omwe ukulephera kuwasamalira. Kalembera wa ku Scotland wa 2022 anapeza kuti anthu 51 pa 100 aliwonse alibe chipembedzo. Ku England ndi Wales, kalembera wa 2021 anasonyeza kuti odzitcha Akhristu atsika kufika pa 46 pa 100 aliwonse.

Ubale wa Scotland ndi Malawi sunathe. Maboma awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005, ndipo sukulu, mipingo ndi magulu ambiri a kumeneko akupitiriza kuthandiza anzawo kuno. Mipingo ya ku America, Ireland ndi maiko ena nayonso imatumiza thandizo. Komabe opereka ambiri ndi achikulire, ndipo palibe chitsimikizo chakuti ana awo, omwe sapita kutchalitchi, adzapitiriza kutumiza chopereka ku chipatala chomwe sanachionepo.

Chaka cha 2025 chinapereka chenjezo lina. Boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja mu Januwale nkutseka bungwe la USAID pakati pa chakacho, mapologalamu ambiri a zaumoyo m'dziko muno, makamaka a Edzi, anasokonekera. Zipatala za boma ndi za mipingo zomwe zinamva kuwawa. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma: thandizo lomwe ladaliridwa kwa zaka makumi lingathe kuima ndi chikalata chimodzi chosainidwa kutsidya la nyanja.

Kumbali ina, Akhristu a kuno ndiwo tsopano akunyamula mipingo yawo kupita nayo kunja. Izi zinayamba ndi anthu opita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda: Sinodi ya Harare ya CCAP, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965, inabadwa mwa Amalawi a ku Zimbabwe, ndipo Sinodi ya Zambia ya 1984 inachokera m'ntchito ya Livingstonia kutsidya kwa malire, ku Chasefu ndi Lundazi. Boma la Mzimba limadziwika ndi anyamata opita ku Joni, ndipo ambiri mwa iwo akafika ku Johannesburg kapena Cape Town amasonkhana kupemphera m'chinenero chawo, nkumatumiza ndalama zomangira matchalitchi kumudzi.

Mipingo yatsopano ndi mikangano ya malire

Munthu akayenda pa Jenda tsiku Lamulungu, kuchokera pa msika wa tomato ndi mbatata mpaka kumapeto kwa malo a malondawa, amamva nyimbo kuchokera mbali zonse: m'matchalitchi a njerwa, m'makalasi obwereka, ngakhale m'zisakasa zofoleredwa ndi malata ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 8 pa 100 aliwonse ndi a mipingo ya Pentekoste, ndipo oposa 26 pa 100 aliwonse anaikidwa m'gulu la Akhristu a mipingo ina yosatchulidwa dzina. Gulu lomalizali ndi lalikulu kuposa Akatolika, ndi lalikulunso kuposa a CCAP.

Mipingo ya Pentekoste ndi ya aneneri ndiyo ikukula kwambiri mu Africa, ku Latin America ndi mbali zina za Asia. Imakopa achinyamata ndi mapemphero a machiritso, nyimbo zamakono ndi uthenga wolimbikitsa munthu kuti atha kutuluka mu umphawi. Imafalitsa maulaliki pa wailesi, pa kanema, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kukula kwake kunaoneka ngakhale pa ndale pomwe Dr Lazarus Chakwera, yemwe anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, anakhala mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2020 mpaka 2025.

Mipingo imeneyi imathandiza anthu ake pa maliro, pa matenda ndi pa mavuto a m'banja, ndipo ina yamanga sukulu ndi makoleji. Koma yambiri mwa ing'onoing'ono ilibe chipatala kapena sukulu, ndipo ilibe likulu lomwe mkulu wa boma angalilembere kalata. Pali timagulu tina tomwe timaletsa mamembala kulandira katemera kapena kupita kuchipatala, ndipo pali alaliki ena omwe anauzapo odwala kuti asiye mankhwala otalikitsa moyo poti apemphereredwa. Wogwira ntchito zaumoyo kumudzi amakumana ndi zimenezi maso ndi maso.

Mipingo yakale nayo ili ndi mavuto ake. Jenda ili pafupi ndi malire a Mzimba ndi Kasungu, ndipo dera limeneli likudziwa bwino mkangano wa masinodi a Livingstonia ndi Nkhoma. Mpingo wa CCAP unapangidwa mu 1924 ndi Livingstonia ndi Blantyre, Nkhoma nkulowa mu 1926, ndipo m'zaka zomwezo mishoni ya Kasungu inachoka m'manja mwa Livingstonia kupita kwa amishoni a Nkhoma. Koma anthu samatsatira mizere ya pa mapu. Olankhula Chitumbuka kumpoto kwa Kasungu ndi ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa anafuna kupemphera m'chinenero chawo, ndipo m'zaka za m'ma 2000 masinodi awiriwa anayamba kutsegula mipingo wina m'dera la mnzake, Livingstonia ku Lilongwe, Nkhoma ku Mzuzu. Mpingowu unakondwerera zaka 100 mu 2024 nkhaniyi isanathe m'mitima ya ambiri. Phunziro lake nlakuti chipembedzo chingagwirizanitse mitundu, koma chingathenso kukulitsa kusankhana zigawo ngati atsogoleri sasamala.

Chikhristu sichinafafanizenso miyambo ya makolo. Gule wa vimbuza, yemwe amishoni ankamuletsa, anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Mwambo wa Umthetho umachitika pa phiri la Hora chaka ndi chaka, ndipo ovina ingoma ambiri ndi akulu a mpingo. Lobola ikupitirira, ndipo mitala ikadali nkhani yovuta m'mabwalo a mipingo.

Zofunika kuziganizira

Poona zonsezi, pali mfundo zingapo zomwe ogwira ntchito m'boma ayenera kuzisunga.

Choyamba, chipembedzo m'dziko muno sichikupita kokatha monga ku Ulaya. Theka la Amalawi ndi ana, ndipo pafupifupi onse akukulira m'tchalitchi kapena mumzikiti. Uthenga wa katemera, wa kulera, wa kusamalira chilengedwe kapena woletsa maukwati a ana umafika msanga ukadzera kwa m'busa, wansembe, shehe ndi amayi a chigwirizano cha mpingo. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa Malamulo aakulu kwa 2017, komwe kunaika zaka 18 ngati malire a ubwana, sizingagwire ntchito ngati odalitsa maukwati sakuzidziwa.

Chachiwiri, makhonsolo ayenera kudziwa mipingo yonse yomwe ili m'madera awo, osati ikuluikulu yokha. Komiti ya chitukuko ikaitana a CCAP ndi Akatolika okha, ndiye kuti yasiya kunja gawo lalikulu la anthu, kuphatikizapo omwe chiphunzitso chawo chimatsutsana ndi uphungu wa zaumoyo, amene ndiwo ofunika kwambiri kukambirana nawo.

Chachitatu, mapangano a boma ndi zipatala za mipingo ayenera kulemekezedwa pa nthawi yake. Chipatala cha mishoni chikatsekedwa, boma ndilo lidzamange china, ndipo mtengo wake udzaposa kutali ngongole yomwe ikanabwezedwa.

Chachinayi, wogwira ntchito m'boma ali ndi chikhulupiriro chake, koma ofesi yake ilibe mpingo. Mkhristu, Msilamu, wa Rastafari, wa chipembedzo cha makolo ndi wopanda chipembedzo onse amalipira msonkho ndipo ayenera kutumikiridwa mofanana.

Mipingo nayo ili ndi ntchito yake. Ngati Africa ndiye akukhala likulu la Chikhristu, sizingatheke kuti chiwerengero chikhale kuno koma chikwama chikhale kunja. Masinodi ndi madayosizi ayamba kale kutsegula mayunivesite, monga University of Livingstonia mu 2003 ndi Catholic University of Malawi mu 2006, ndi kufunafuna njira zina zopezera chuma. Chomwe chatsala nkuphunzitsa Akhristu kuti chopereka chawo chisathere pa kumanga tchalitchi chachikulu kuposa cha oyandikana nawo, koma chifikenso ku wodi ya amayi oyembekezera ndi ku kalasi ya ana osamva.

Pomwe William Koyi ankafika pa Njuyu mu 1882, m'dziko la M'mbelwa munalibe sukulu ngakhale imodzi. Lero boma la Mzimba lili ndi anthu oposa 900,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ambiri mwa iwo Akhristu, ndipo zidzukulu za omwe anaphunzira m'sukulu za mishoni ndizo zikuyendetsa maofesi a boma ndi a mipingo. Chipatala cha Embangweni ndi cha Katete zidzakhalapobe zaka 50 zikudzazi pokhapokha ngati magulu awiriwa agwirizana msanga za yemwe adzalipire mankhwala, malipiro ndi denga.